Usiku Umene Ambuya Anationetsa Chipata

Anyamata ndi atsikana anzanga, ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene kamandicititsa manyazi mpaka lero. Tsiku lina ndinafuna kuwasiya ambuya anga pamseu cifukwa ca jekete lao lakale ndi nkhuku imene ananyamula. Ndikusimbireni mmene zinayendera, pakuti mwina pakati pa inu alipo wina amene akudwala nthenda imene ndinali nayo ine.

Munali mu Ogasiti 2024. Monga mudziwa, Loweruka lotsiriza la mwezi umenewu Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana kuno kwathu ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Mafumu amadza kudzapereka ulemu ndi mitulo kwa Kalonga Gawa Undi ndi kuwauza mmene anthu ao alili. Mwambowu boma la atsamunda linauletsa mu 1934, ndipo unayambanso mu 1984. Caka cimeneco gulu lathu la acinyamata linalandira alendo asanu ndi mmodzi, anzathu a ku Mchinji amene anabwera kudzaona mwambo. Anagona m'nyumba zathu, ndipo Lolemba m'mawa anayenera kudutsa pa malire a Mwami kubwerera kwao.

Ine monga mtsogoleri ndinafuna kuwatsazika mwapamwamba. Ndinati Lamulungu tikatuluka m'chalichi tipite nao ku Chipata, tikazungulire tauni madzulo, tikwere phiri la Kanjala kukaona magetsi akuwala pansi, kenaka tikadye nkhuku ndi chipisi pa malo ena odyera amene ndinawadziwa. Aliyense wa ife anasonkha K50. Bambo wina, mkulu wa mpingo, anavomera kutinyamula pa minibasi yao ngati titagula mafuta. Ine ndinakhala usiku kulemba zaka ndi maina m'kabuku, pakuti ndinafuna kuti alendo akanene kwao kuti ku Katete kuli anyamata ophunzira. Ndinali nditangobwera kumene kucokera ku koleji ku Lusaka, ndipo kunena zoona mutu unali utakula pang'ono.

Titafika pa Katete Stores kuti tithire mafuta, ndinaona munthu akutikweza dzanja. Anali ambuya anga, atate wao wa amai. Anavala jekete lao lakuda limene linayamba kufiira m'mapewa, m'khwapa muli nkhuku yomanga miyendo, m'dzanja kathumba ka nsawa. Amai anali atawauza kuti tikupita ku Chipata, ndipo iwo anafuna kukaona mwana wao, amai anga aang'ono, amene akhala ku Kapata. Mtima wanga unagwa. Ndinatsika msanga ndi kuwanong'oneza kuti, "Ambuya, malo mulibe. Bwanji mukwere basi ya mawa?" Koma adalaivala anamva. Anasuzumira pa zenera nati, "A cheyamani, mpando wanu wa kutsogolowu ndiwo malo a ambuya. Inu ndinu mnyamata, pitani kumbuyo." Ndinakakhala kumbuyo ndi kabuku kanga, nkhuku ikulira pa mapazi anga, atsikana akuseka.

Kucoka ku Katete kufika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pa mseu waukulu wa Great East. Phiri la Mphangwe litatsala kumbuyo, tinaona bwino cimene caka cimeneco cinali. Mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinapserera cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 a m'Zambia anakhudzidwa. M'midzi ya m'mbali mwa mseu nkhokwe zambiri zinali zopanda kanthu, zina zitapendekera. Anzathu a ku Mchinji anati kwaonso zinali cimodzimodzi. Ambuya anangoti, "Iyi ndi mng'ono wake wa ya 49." Iwo sadziwa tsiku limene anabadwa, koma amati pa njala ya 1949 anali atayamba kale kuweta mbuzi.

Titafika pa Mtenguleni ndinatsegula kabuku. Ndinawauza alendo kuti pano ndi pamene Angoni amacitira mwambo wa Nc'wala mu Febuluwale, kuti mwambowo unayambanso mu 1980, ndi kuti Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, pa tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Ndinawerenganso za nkhondo ya mu Januwale 1898, pamene asilikali a Angerezi anacokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu, nagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale caka comweco.

Pamenepo mnyamata wina wa gulu lathu, Mcewa weniweni, anati, "Anaona polekera. Iwowo sanatisautse ife?" M'gulumo munali mtsikana Mngoni, ndipo nkhope yake inasintha. M'minibasi munakhala zii. Ine kabuku kanga kanalibe yankho. Ambuya ndiwo anaceuka. Anati, "Mdzukulu wanga, sunaname. Ambuya anga aakazi anali kutiuza mmene anali kuthawira m'mapiri Angoni akabwera, ana atawatseka pakamwa kuti asalire. Koma ine ndinakula n'kukwatira Mngoni, ndipo tinakhala zaka 51. Uyu mtsogoleri wanu ali kumbuyoyu ndi mdzukulu wa Mngoni. Tsono ukafuna kubwezera, yamba ndi iye." Onse anaseka, ndi mtsikana uja yemwe. Ine ndinadabwa. Ndinali kudziwa tsiku limene Zwangendaba anaoloka mtsinje, koma sindinadziwe kuti ambuya anga aakazi, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, anali a mtundu umenewo.

Dzuwa litapendeka tinalowa pa cipata cija colandira alendo, cimene cili ndi cishango ndi mkondo. Ndinayesanso kubweza ulemu wanga. Ndinati tauni iyi kale inali kuchedwa Fort Jameson, kutengera dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Kuti inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene cigawoco cinaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia ndipo likulu linakhala Livingstone. Kuti dzina lakuti Chipata linabwera pambuyo pa ufulu. Ndi kuti pa 24 Febuluwale 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata ndi mzinda. Mmodzi wa alendo anati, "Ndiye ndife apacibale. Kwathu ku Mchinji kunali Fort Manning." Tinaseka pozindikira kuti malinga awiri a azungu anayang'anizana, pakati pao pali anthu a cinenero cimodzi, mafumu amodzi ndi nsima imodzi.

Kucokera pamenepo kabuku kanga kanatha nchito. Ambuya anayamba kuwauza adalaivala kuti, "Khotani apa. Imani apo." Tinayenda pang'onopang'ono mu Umodzi Highway pakati pa njinga zosawerengeka, zina zonyamula anthu, zina makala, zina mbuzi. Ambuya anati tauni ino inazolowera njinga kuyambira kale, ndipo anatikumbutsa kuti munali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries. Iwo anafika muno koyamba mu 1958 pa njinga ya amalume ao, mseu uli wafumbi, atanyamula citupa m'thumba. Anati masiku amenewo mwamuna wopanda citupa ndi risiti ya msonkho anali ngati mbuzi yopanda mwini. Anzao ambiri sanakhale muno. Anapitirira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi, kukafuna ndalama ya msonkho, pakuti malo abwino ozungulira tauni anali minda ya fodya ya azungu.

Kumtunda kwa tauni anatiimitsa pa nyumba ina yakale. Lero muli malonda ena ndipo eni ake ndi ena. Anatitengera kumbali, natisonyeza pa khoma pamene njerwa zake zinasiyana mtundu ndi zinzake. Anati, "Apa panali kazenera. Munthu wakuda sanali kulowa pakhomo. Unali kuima pano padzuwa, n'kupereka ndalama, n'kulandira cimene akupatsa cokulunga kale. Ukakatsegula kunyumba n'kupeza mafupa okha, ndi ako." Anaika cikhato cao pa njerwazo kanthawi ndithu. Palibe amene analankhula. Ine za tsankho la m'masitolo ndinali nditaziwerenga ndi kuzilembera mayeso, ndipo ndinapambana bwino. Koma sindinaganizepo kuti munthu amene anaima pa kazenera kotero ndi yemwe uja ndimamusiya pakhonde ndikamathamangira ku mpira.

Kenaka tinatsikira ku Down Shops, kumene kuli masitolo a Amwenye ndi mzikiti waukulu. Makolo a Amwenye amenewa anacokera ku Gujarat, ku India, ndipo anayamba kufika muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Masitolo anali otseka popeza linali Lamulungu, koma makonde ake anali pomwepo. Ambuya anaima pa khonde lina nati, "Ofesi yanga inali iyi." Anayamba monga wosesa ndi wonyamula katundu, ndipo telala wina wacikulire amene anali kusoka pa khondepo anawaphunzitsa makina. Munthu anali kugula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo panja, n'kupimidwa pomwepo. Mtsikana wina wa ku Mchinji anafunsa ngati cilipo cimene anasunga ca masiku amenewo. Ambuya anagwira kolala ya jekete lao. Anati analisoka okha mu 1964, usiku ndi nyali ya parafini, kuti akalivale pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu. Amalivala pa ukwati, pa maliro ndi pobwera ku Chipata basi. Alendo anayamba kuligwiragwira ndi kuyang'ana msoko wake, ndipo anajambulitsa nalo zithunzi pa mafoni. Ine ndinaima patali pang'ono. Limenelo ndilo jekete limene ndinafuna kuti alendo asalione.

Tinakwera Kanjala dzuwa likulowa. Kucokera pamwamba umaona cifukwa cake malowa anachedwa Chipata: tauni yagona m'cigwa, mapiri aizinga, ndipo njira imadutsa pa mpata. Ambuya analoza kumene kuli Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed anayamba nchito yao m'dziko muno mu 1899, atadzera ku Mvera ku Malawi, ndipo kuli sukulu za ana osaona ndi osamva. Analozanso kumene kwadzera njanji ya ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010. Ine ndinati, "Dikirani pang'ono, muone magetsi." Tinadikira. Mdima unagwa. Magetsi sanayake. Caka cimeneco madzi anacepa kwambiri m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Pansi pathu panali mdima, kupatula nyali za magalimoto, nyumba zowerengeka za majenereta, ndi timoto tofiira ta mbaula m'makomboni. Ambuya anati, "Ndi mmene ndinaipezera mu 58." Kumwamba nyenyezi zinali mbuu.

Tsoka silinathere pomwepo. Titafika pa malo odyera aja anatiuza kuti magetsi anapita m'mawa, nkhuku sanasunge, ndipo sangathe kudyetsa anthu 15. Tinayesa pena, anali atatseka. Nthawi inali itapitirira 19 koloko, alendo anali ndi njala, ndipo ine thukuta linali kutsika ngakhale kunja kunali mphepo. Ambuya ndiwo anati, "Nanga nkhuku ili pansi pa mpandoyo ndi ya maluwa? Tiyeni ku Kapata."

Ndinacita mantha, pakuti ndinadziwa mmene zinthu zinalili kwa amai aang'ono. Amagulitsa tomato pa msika, ali ndi ana anai, ndipo ufa unali utakwera mtengo koopsa. Kufika ndi anthu 15 usiku, osauza, m'caka ca njala! Koma iwo atatsegula citseko anagwada, napatsa moni atate wao, kenaka aliyense mmodzimmodzi. Sanafunse kuti tadzeranji. Ndinawaona akusuzumira m'ndowa ya ufa ndi kandulo, akuyesa ndi maso. Unali ufa wa mlungu wonse. Anautsanulira wonse m'licero.

Anzanga, phwando limene ndinakonza ine linali lakuti tikhale pa mipando, wina atibweretsere mbale. Ili linali lina. Anyamata awiri anapha nkhuku ndi kuisosola. Ena anakoleza mbaula ziwiri, ina yobwereka kwa anansi. Atsikana anasinja nsawa za ambuya mumtondo, za Chalimbana zikuluzikulu zija, ndipo panabuka mkangano wokoma, pakuti a ku Mchinji anaumirira kuti dzina lake ndi mtedza. Amai aang'ono anatulutsa mfutso wa nkhwani umene anayanika m'dzinja, nauviika, nautendera ndi nsinjiro. Anaphika therere ndi cidulo ca phulusa, osati soda wa m'sitolo, natenthetsa nyemba zimene zinatsala masana. Anansi atamva kuti kwabwera alendo a ku Malawi anatumiza mwana ndi cigubu ca thobwa, ndipo adalaivala anaturutsa mbewa zimene anagula pamseu osatiuza. Nsima inaphikidwa mumphika waukulu wa pa maliro, atsikana awiri akulandizana mthiko, ndipo amai aang'ono anaomola mitanda ndi cipande, naiyala m'mbale mpaka inaunjikana.

Tinakhala pa mphasa panja, amuna kwao, akazi kwao, kandulo pakati. Mwana wamng'ono anazungulira ndi madzi osamba m'manja, kuyambira kwa ambuya, kenaka adalaivala, kenaka alendo, ife eni mudzi pomalizira. Nkhuku imodzi pa anthu oposa 20 ndi nkhani ya masamu, koma aliyense anapeza kanthuli ndi msuzi. Nthutumba, imene mwa mwambo ndi ya mkulu, inaikidwa pamaso pa ambuya. Iwo anaitenga naipereka kwa mlendo wamng'ono pa onse, mnyamata wa Fomu 2, nati akanene kwao kuti ku Zambia anadya monga mfumu.

Tikudya, mlendo wina anawapempha kuti asimbe za 1949. Anatiuza za anthu amene anali kukumba mizu ndi zikhawo za nthoci, za amuna amene anapita kukasuma osabwerera, ndi za amai ao amene anali kuphika kaphala kamodzi pa tsiku, madzulo, kuti ana agone. Tsiku lina kunafika munthu wapaulendo, osamudziwa, miyendo itatupa. Amai ao anatapa pa mbale ya mwana aliyense namupatsa. Ambuya anati iwo analira ndi mkwiyo usiku umenewo, ndipo amai ao anawauza kuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma mbiri ya nyumba yomana imatsala. Polankhula izi sanayang'ane kwa mwana wao. Koma ine ndinayang'ana, ndipo ndinaona kumene amai aang'ono anaphunzira kutsanula ufa wonse m'licero.

Titatha kudya ndinawatengera pambali ndi kuwapatsa ndalama zija tinasonkha. Anakana, ndipo anakhumudwa. Anati, "Mwanawe, kodi pano wayesa pa hotela? Mlendo sagula nsima." Ndinabwerera ndi ndalama zanga m'manja ngati wakuba. Adalaivala anandikokera kumbali nati, "Sukulu munapita, koma izi sanakuphunzitseni. Mawa m'mawa mukagule thumba la ufa la makilogalamu 25, mafuta ndi makala. Mukaike kuseri kwa citseko. Musanene kanthu." Tinacita comweco titaperekeza alendo ku Mwami. Mpaka lero amai aang'ono sanachulepo za thumbalo, ndipo inenso sindinachule.

Usiku umenewo anyamata tinagona pa mphasa m'cipinda cocezera, ine pafupi ndi ambuya. Tulo sitinabwere. Ndinati, "Ambuya, m'minibasi muja malo analimo. Ndinanama." Anakhala cete, ndipo ndinayesa agona. Kenaka anati, "Ndinadziwa. Ndinawerenga mipando." Anatembenuka, nafunda bwino jekete lao pa mapazi, nagona. Sananenenso kanthu za nkhaniyi, ndipo kukhala cete kwaoko kunandilanga koposa ndodo.

Sindikunena kuti mabuku ndi acabe. Popanda mabuku sindikanadziwa za 1835 kapena 1911, ndipo ambuya eni ake amakondwa ndikawawerengera zimenezi. Koma buku silinandiuze pamene panali kazenera, kapena kuti magazi anga ndi osakaniza. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Vuto ndi lakuti akuluwo sadzakhala nafe mpaka kale. Amene anaona Fort Jameson ndi maso ao, amene ananyamula citupa, amene anavina usiku wa ufulu, atsala owerengeka, ndipo caka ciliconse timaika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene anadziwa, ife tili otanganidwa ndi mafoni.

Tsono pempho langa kwa magulu a acinyamata ndi ili. Pokonza ulendo wanu wotsatira, kaya ndi wa ku Chipata, ku Nyanje, ku Chadiza kapena kungozungulira Katete kucokera ku St Francis kufika ku Mkaika, siyani mpando wa kutsogolo kuti pakhale gogo mmodzi wa mumpingo mwanu. Mufunseni kuti apa panali ciani, ndipo wina alembe. Cakudya musakagule cophikaphika. Nyamulani ufa, nsawa ndi nkhuku, mukaphike pamodzi pa nyumba ya wina, ndipo musasiye nyumbayo ndowa ili yopanda kanthu.

Ine kuyambira nthawi imeneyo ndimapita kwa ambuya Loweruka lililonse masana ndi kabuku kaja. Masamba a zaka ndi maina a azungu anali atatu okha. Otsalawo adzaza ndi mau ao, ndipo ndagula kabuku kaciwiri. Mlungu watha tinafika pa nkhani ya mmene anakumanirana ndi ambuya aakazi pa citsime ca ku Feni, koma anaima pakati, nati zotsalazo adzandiuza ndikadzabwera ndi mbeta yanga.